Ngongole ya dziko, dola ndi mavoti a ku Washington: zikugwirizana bwanji?

Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi ku Mufakose, muno mu Harare, ife a bungwe la maliro tinatsalira panja kuti tikambirane za zopereka. Nkhani inkaoneka yaing'ono: tizisonkha ZiG, ndalama ya kuno ku Zimbabwe, kapena madola a ku America? Mayi msungichuma anati madola basi, chifukwa wogulitsa bokosi ndi mwini basi yonyamula anthu kupita kumanda ku Mbudzi onse amatchula mtengo m'madola. Ena anati gawo la malipiro awo limabwera m'ZiG, ndiye dolayo akaitola kuti? Apa agogo ena, amene bambo awo anabwera kuno ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito lija, kuchokera ku Dedza, anatsegula buku lawo la nyimbo n'kusolola kapepala kosalala bwino. Inali ndalama ija ya Zimbabwe ya madola 100 thililiyoni ya mu Januwale 2009.

"Iyinso inali ndalama ya boma, ana anga," anatero agogowo, n'kuibwezera pa tsamba lomwelo.

Mnyamata wina anayamba kuwerenga pa foni kuti a IMF, bungwe la ku Washington lobwereketsa maiko ndalama, abweranso m'tauni muno, kuti mgwirizano wawo ndi Malawi unathera panjira, kuti maiko osauka akufuna chilungamo pa kayendetsedwe ka chuma cha dziko lonse. Atafunsidwa kuti zimenezo zikukhudza bwanji bokosi la maliro, anangoseka. Zikulikhudza ndithu, kungoti njira yake ndi yokhotakhota ndipo mawu ake ndi olemera. Tiyeni tiwatenge limodzilimodzi.

Ndalama zakunja

Ndalama zakunja, zimene ambiri amangoti foleksi, ndi ndalama zimene wamalonda wa dziko lina angavomere mukafuna katundu wake. Wogulitsa mafuta a galimoto salandira kwacha kapena ZiG. Wopanga feteleza, wopanga mankhwala a m'chipatala, wogulitsa zitsulo za makina, onsewa amafuna dola, mwina yuro, kapena randi ngati ali ku South Africa. Dziko lili ngati banja limene chimanga limalima lokha, koma mchere, sopo ndi palafini liyenera kukagula kusitolo, ndipo wasitoloyo chimanga salandira.

Nanga bwanji dola osati ndalama ina? Mu Julayi 1944, nkhondo yachiwiri ili pafupi kutha, nthumwi za maiko 44 zinakumana ku Bretton Woods ku America. A mu Africa analipo anayi okha: Egypt, Ethiopia, Liberia ndi South Africa. Nyasaland ndi Rhodesia anali m'thumba la Britain. Kumeneko n'kumene kunabadwira IMF ndi World Bank, ndipo dola inamangiriridwa ku golide, ndalama zina zonse n'kumangiriridwa ku dola. Mu 1971 Richard Nixon anadula chingwe cha golidecho, koma chizolowezi chinatsala. Mpaka lero mitengo ya mafuta, mkuwa, golide ndi fodya imatchulidwa m'madola, ndipo ngongole zambiri zakunja zimabwezedwa m'madola.

Dola imalowa m'dziko kudzera m'makomo owerengeka: zimene tagulitsa kunja, zimene atumiza achibale a ku Joni kapena ku London, thandizo, ngongole, ndi amalonda akunja odzatsegula migodi kapena mafakitale. Ikamatuluka yambiri kuposa yolowa, imasowa, ndipo chosowa chilichonse chimakwera mtengo. Pamenepa mpamene pamabadwira mitengo iwiri, wa kubanki ndi wa pamsewu. Ife a ku Harare sitifunika kuphunzitsidwa zimenezi. Aliyense amene anakwerapo basi ya ku Blantyre pa Roadport anawaona anyamata ogwedeza mpukutu wa ndalama aja.

Mitengo iwiriyi ikatalikirana kwambiri, banki yaikulu imagonja n'kuchepetsa mphamvu ya ndalama yake. Malawi anagwetsa kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kuno ZiG inayamba mu Epulo 2024 pa 13.56 pa dola imodzi, ndipo pofika kumapeto kwa Sepitembala chaka chomwecho inagwetsedwa kufika pa 24 ndi kanthu. Ovomereza njirayi amati mtengo wa kubanki unali wabodza kale, wopindulitsa okhawo odziwana ndi akuluakulu, amene amagula dola motchipa n'kukaigulitsa pamsewu. Otsutsa amati dziko logula mafuta ndi feteleza kunja likagwetsa ndalama, zonse zimakwera tsiku lomwelo, pamene fodya wogulitsa kunja sangachuluke mawa chifukwa amakololedwa kamodzi pachaka. Onse awiri akunena zimene zinachitikadi. Ine nditatumiza madola 50 kwa azakhali ku Mulanje kwacha itangogwa, anaimba foni akusangalala kuti ndalama zachuluka. Patapita milungu itatu anaimbanso kuti thumba la feteleza lawathawa.

Kapepala ka agogo kaja n'kosiyana pang'ono. Kanabadwa chifukwa banki yaikulu inkasindikiza ndalama kuti boma lilipire zinthu zimene msonkho sukanatha kulipira, pa nthawi imene minda ndi mafakitale zinkatulutsa zochepa. Vuto limenelo linali lapakhomo. Koma mankhwala ake, oti mu 2009 dziko lisiye ndalama yake n'kuyamba kugwiritsa ntchito ya eni ake, akusonyeza kumene mphamvu ili. Funso limene silinayankhidwe n'lakuti dziko laling'ono lingabwezeretse bwanji chikhulupiriro cha anthu mu ndalama yake, anthuwo atapsa kale kawiri katatu. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, ankatero akuluakulu, ndipo mayi msungichuma sankalakwitsa kufuna dola ya m'manja.

Kugulitsa zosakonza

Pitani pa Mbare Musika mukafunse mtengo wa chidebe cha mtedza, kenako mukalowe m'sitolo mufunse botolo la chiponde. Mtedza ndi womwewo. Kusiyana kwa mtengo kwapita kwa amene anakazinga, anapera, anathira m'botolo n'kumata chizindikiro. Maiko athu ambiri ali ku mbali ya chidebe. Malawi amadalira kwambiri fodya, kuonjezera tiyi ndi shuga. Zambia ndalama zake zakunja zambiri zimachokera ku mkuwa. Zimbabwe amagulitsa golide, platinamu, fodya ndi miyala ina. Côte d'Ivoire ndi Ghana amalima koko woposa theka la yense wa padziko, koma chokoleti chodula chimapangidwa ku Ulaya.

Izi sizinangochitika. Njanji za atsamunda zinamangidwa kuchokera ku mgodi ndi kumunda kupita kudoko, ku Beira kapena kumwera, osati kulumikiza mizinda yathu. Makolo athu ambiri anabwera ku Salisbury, Harare wa lero, kudzagwira ntchito m'minda ya fodya ndi m'migodi ya dongosolo lomwelo. Mu 1950 akatswiri awiri a zachuma, Raúl Prebisch ndi Hans Singer, anaonetsa kuti pakapita zaka zambiri mitengo ya zinthu zosakonza imatsalira m'mbuyo poyerekeza ndi ya zopangidwa m'fakitale. Akatswiri amatsutsanabe ngati lamuloli limagwira nthawi zonse, poti pali zaka zimene mkuwa ndi golide zinakwera kwambiri. Chimene palibe amatsutsa n'chakuti mitengoyi imalumpha ngati chiwala. Mkuwa utagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, Zambia inalowa m'mavuto amene inatenga zaka zambiri isanatulukemo.

Boma la Zimbabwe linaletsa kutumiza kunja miyala ya lithium yosakonza mu Disembala 2022, pofuna kuti ntchito yoyenga ichitikire kuno. Ku Goromonzi, kufupi ndi Harare, kampani ya ku China inagula mgodi wa Arcadia n'kumanga fakitale. Ena amati njira ndi imeneyi. Ena amakumbutsa kuti fakitale imadya magetsi, ndipo chakumapeto kwa 2022 madzi a ku Kariba anatsika mpaka makina opangira magetsi anachepetsedwa mphamvu. Kodi chimatitsekereza kwambiri ndi malamulo a malonda a maiko olemera kapena ndi kusowa kwa magetsi, misewu ndi ndalama zoyambira? Yankho limasiyana malinga ndi katundu amene mukunena.

Ngongole ya dziko

Boma limabwereka pazifukwa zofanana ndi za banja: kumanga chinthu chachikulu chimene sichingalipiridwe ndi ndalama za chaka chimodzi, kapena kutseka dzenje pamene zolowa zachepa. Kubwereka pakokha si tchimo. America ndi Japan ali ndi ngongole zazikulu kuposa za Africa yense. Nkhani imagona pa zinthu zitatu: mwabwereka kwa ndani, pa chiwongoladzanja chotani, ndiponso mu ndalama ya ndani.

Obwereketsa alipo amitundu. Pali mabungwe ngati World Bank ndi African Development Bank, amene maiko osaukitsitsa amawapatsa ngongole yofewa, ya zaka zambiri ndi chiwongoladzanja chochepa, ngati ya chipereganyu chimene anzathu Achishona amati mukando. Pali maboma, kale makamaka a ku Ulaya, America ndi Japan amene amakumana m'gulu la Paris Club kuyambira 1956, ndipo m'zaka makumi awiri zapitazi China, India ndi Saudi Arabia. Kenako pali misika ya ndalama, kumene boma limagulitsa mapepala a ngongole kwa makampani osunga chuma cha anthu. Uku n'kumene mtengo umaluma. Zambia inabwereka madola 750 miliyoni mu 2012 pa chiwongoladzanja chopitirira pang'ono 5 peresenti. Pofika 2015, itabwereranso kumsika komweko, inalipitsidwa pafupifupi 9 peresenti. Zaka zochepa pambuyo pake Germany inkabwereka pa chiwongoladzanja chosafika ndi ziro yemwe. Wakatapila, amene kuno amati wachimbadzo, amachita chimodzimodzi: wosauka ndiye amalipira zambiri, chifukwa akuti angathawe nazo.

Amene amayeza kuti dziko lingathawe nazo kapena ayi ndi makampani atatu, Moody's, S&P ndi Fitch. Atsogoleri ambiri a mu Africa amati makampaniwa amakokomeza chiopsezo cha kuno, ndipo African Union inaganiza zokhazikitsa bungwe lake. Makampaniwo amayankha kuti Zambia, Ghana ndi Ethiopia analepheradi kulipira.

Mbiri yake imabwerezabwereza modabwitsa. M'zaka za m'ma 1970 mabanki a ku Ulaya ndi America anadzaza ndi madola a maiko ogulitsa mafuta ndipo anawabwereketsa mosavuta. Kuyambira 1979 banki yaikulu ya America inakweza kwambiri chiwongoladzanja pofuna kuthana ndi kukwera mitengo kwawo komweko, ndipo mu Ogasiti 1982 Mexico inalengeza kuti siingathe kulipira. Maiko ambiri anatsatira. Zofanana zinachitika kuyambira Malichi 2022, pamene banki yomweyo inakweza chiwongoladzanja kuchoka pafupi ndi ziro kufika kupitirira 5 peresenti m'miyezi 16. Palibe anaganiza za Lilongwe kapena Lusaka posankha zimenezo, ndipo si ntchito yawo kutero, koma dola itakwera ngongole ya aliyense wobwereka m'madola inalemera usiku umodzi. Bungwe la United Nations loona za malonda, UNCTAD, linawerengera mu 2023 kuti anthu 3.3 biliyoni amakhala m'maiko amene amalipira ndalama zambiri pa chiwongoladzanja kuposa pa maphunziro kapena pa zaumoyo.

Mavuto a m'ma 1980 ndiwo anabweretsa ngongole zokhala ndi malamulo. Walira mvula walira matope: a IMF ndi World Bank ankapereka ndalama, koma boma lichepetse zowononga, lichotse dzanja pa mitengo, ligulitse makampani ake, litsegule malire kwa katundu wakunja. Malawi anayamba mu 1981. Kuno zinadza mu 1991 ndi dzina loti ESAP, ndipo chaka chotsatira kunagwa chilala choopsa. Akuluakulu a ku Highfield ndi Mabvuku amakumbukira fizi ya sukulu ndi ya kuchipatala ikubwerera, mafakitale a nsalu akutseka, amuna akubwera kunyumba masana ndi kalata m'thumba. Oikira kumbuyo ndondomekozi amati chuma chinali chitatsamwa kale ndipo maboma ankangokonza theka. Ku Malawi mpaka lero anthu amakangana za njala ya 2002: chimanga cha m'nkhokwe za boma chinagulitsidwa njala isanafike, boma linkaloza chala malangizo a IMF, a IMF n'kumati iwo analangiza zochepetsa osati kusesa nkhokwe yonse.

Kenako kunadza kukhululuka. Ndondomeko ya HIPC, yochepetsera maiko osauka ngongole, inayamba mu 1996, mipingo inakuwa kwambiri kudzera mu Jubilee 2000, ndipo atsogoleri a maiko olemera a G8 atakumana ku Gleneagles mu 2005 anavomera kufafaniza ngongole zambiri. Zambia inamaliza ndondomekoyi mu 2005, Malawi mu 2006. Zimbabwe sinalowemo. Pasanathe zaka makumi awiri, Malawi ndi Zambia anali atamiranso. Apa munthu woona mtima ayenera kutchula zapakhomo: kubedwa kwa ndalama za boma kwa Cashgate mu 2013 ku Malawi, ndipo kuno ndalama zopatsidwa kwa omenyera ufulu popanda bajeti mu 1997, dola ya Zimbabwe n'kugwa pa 14 Novembala chaka chomwecho, ndi nkhondo ya ku Congo kuyambira 1998. Ndi gawo lanji la ngongole limene linabwera ndi mphepo yakunja, ndipo ndi lanji limene tinadziputira tokha, palibe sikelo imene onse amaivomereza.

Dziko likalephera kulipira

Munthu kapena kampani ikagwa, pali khoti limene limasonkhanitsa onse amene akuifuna ndalama n'kugamula kuti aliyense alandira zingati. Dziko lilibe khoti lotero. Zili ngati bambo wamwalira atasiya ngongole kwa anthu asanu, mbuzi zili ziwiri, ndipo palibe mfumu yoweruza. Aliyense amaopa kukhululuka poyamba, kuti mbuzi ingapite kwa mnzake.

Mu Novembala 2020 maiko a chuma chachikulu a G20 anakhazikitsa njira yotchedwa Common Framework kuti obwereketsa akale ndi atsopano, makamaka China, azikhala pa mphasa imodzi. Mwezi womwewo Zambia inalephera kulipira chiwongoladzanja cha madola 42.5 miliyoni. Inapempha thandizo kumayambiriro kwa 2021, koma mgwirizano ndi maboma, wokhudza madola 6.3 biliyoni, unapezeka mu Juni 2023, ndipo wa eni mapepala a ngongole unatheka mu 2024. Zaka zonsezo kwacha ya Zambia inali kugwedezeka ndipo amalonda ankadikira. Chad, Ethiopia ndi Ghana okha ndiwo enanso anayesa njirayi. Ena amati yachedwetsa ndi China, amene sanazolowere kufafaniza ngongole. A China amafunsa chifukwa chimene World Bank ndi anzake salandirako gawo la kuluza. Ndipo makampani obwereketsa aja amadikira kuti maboma ayambe ndiwo.

Malawi anagwirizana ndi IMF mu Novembala 2023 za ngongole ya madola pafupifupi 175 miliyoni, koma mgwirizanowo unatha wokha mu Meyi 2025 zofunika zisanakwaniritsidwe. Mbali ina yovuta ya ngongole yake ili kwa mabanki a mu Africa momwe muno, Afreximbank ndi Trade and Development Bank, amene amati sayenera kuluzitsidwa ngati amalonda wamba.

Nkhani ya Zimbabwe ndi yayokha. Kuyambira cha m'ma 2000 dzikoli linasiya kulipira World Bank, African Development Bank ndi maboma a Paris Club, ndipo malamulo a mabankiwa salola kubwereketsa amene ali ndi zotsalira. Za IMF zinalipidwa mu 2016, koma zinazo zikadalipo, ndipo ngongole yonse ya boma yadutsa madola 20 biliyoni. Mu Disembala 2022 kunayamba zokambirana zotsogozedwa ndi Akinwumi Adesina, amene anali mkulu wa African Development Bank, pamodzi ndi Joaquim Chissano, mtsogoleri wakale wa Mozambique. Mitu yake ndi itatu: kukonza chuma, kukonza ulamuliro, ndi nkhani ya malo, kuphatikizapo madola 3.5 biliyoni amene boma linalonjeza mu 2020 kwa alimi amene analandidwa mafamu. Pamwamba pake pali lamulo la America la 2001, ZDERA, louza nthumwi zake m'mabanki amenewa kuti zizikana ngongole ya Zimbabwe mpaka zinthu zina zitasintha. SADC inasankha 25 Okutobala kukhala tsiku lodzudzula zilangozi. A ku Washington amati chitseko chinatsekedwa ndi zotsalirazo ndi kayendetsedwe ka dziko. A ku Harare amati zilango zinachititsa mabanki akunja kuopa dzina la Zimbabwe. M'kombi mudzamva zonse ziwiri musanafike ku Copacabana.

Mavoti

M'bungwe lathu la maliro aliyense ali ndi voti imodzi, kaya amasonkha mwansanga kaya mochedwa. Ku IMF si choncho. Dziko lililonse lili ndi gawo loyezedwa ndi kukula kwa chuma chake, ndipo gawolo ndilo limanena zimene lisonkhe, zimene lingabwereke ndi kulemera kwa voti yake. America ili ndi mavoti pafupifupi 16.5 peresenti, pamene zigamulo zikuluzikulu zimafuna 85 peresenti. Ikakana yokha, nkhani yafa. Maiko onse a mu Africa pamodzi safika 7 peresenti. Palinso mwambo wosalembedwa woti mkulu wa IMF azichokera ku Ulaya, wa World Bank ku America.

Zotsatira zake zinaoneka bwino mu Ogasiti 2021. Pofuna kuthandiza maiko pa mliri wa Covid-19, IMF inagawa chuma chake chapadera chotchedwa SDR chokwana madola 650 biliyoni. Poti kagawidwe kanatsata magawo aja, Africa yense analandira pafupifupi 33 biliyoni; Zimbabwe inapeza pafupifupi 960 miliyoni, Malawi pafupifupi 190 miliyoni. Zambiri zinapita kwa amene sankazifuna kwenikweni. Olemera amati wosonkha zambiri ndiye ali ndi zambiri zoluza, ndipo sangapereke ndalama za okhometsa msonkho awo ku bungwe limene alibe mawu. Osauka amati malamulo a bungweli amagwa pa iwo, poti olemera sabwerekako. Zasinthako pang'ono: African Union inalandiridwa mu G20 mu Sepitembala 2023, ndipo mu 2024 maiko a kum'mwera kwa Sahara anapatsidwa mpando wachitatu m'komiti yoyendetsa IMF. Mpando ndi voti, komabe, ndi zinthu ziwiri.

Nyengo ndi thandizo

Africa amatulutsa utsi wotenthetsa dziko wosafika 4 peresenti. Koma namondwe Idai anakokolola Chimanimani mu Malichi 2019, namondwe Freddy anagumula mapiri ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu Malichi 2023, ndipo mu 2024 Zambia, Malawi ndi Zimbabwe onse analengeza za tsoka la chilala. Mlatho womangidwa ndi ngongole ukakokoloka, ngongoleyo siikokoloka nawo, ndipo pamafunika ina yomangira watsopano. Ku Copenhagen mu 2009 maiko olemera analonjeza madola 100 biliyoni pachaka pofika 2020. Anafikapo mu 2022, ndipo zambiri zinali ngongole osati mphatso. Thumba lolipira zowonongeka linavomerezedwa ku Sharm el-Sheikh mu 2022, ndipo malonjezo oyamba ku Dubai chaka chotsatira anali pafupifupi madola 700 miliyoni. Mkangano ndi woti ndalamazi ndi chipukuta misozi kapena chifundo, komanso ngati China ndi maiko a mafuta nawonso ayenera kusonkha.

Thandizo wamba nalo likuphwa. Lonjezo la 1970 loti olemera azipereka 0.7 peresenti ya chuma chawo analikwaniritsa ndi maiko owerengeka, ndipo mu Januwale 2025 America inaimitsa thandizo lake lambiri. Amene amakatenga ma ARV kuchipatala anaimva nkhaniyi asanaiwerenge.

Kugwirana manja

Mu Sepitembala 1986 atsogoleri a maiko osalowerera mbali pa mkangano wa America ndi Soviet Union anasonkhana muno mu Harare, m'holo ya misonkhano imene ili pafupi ndi hotela yomwe lero ndi Rainbow Towers. Kumeneko kunalengezedwa za komiti yofufuza mavuto a maiko a kum'mwera, yotsogozedwa ndi Julius Nyerere. Maganizo ake anali akale kale, kuyambira pamene gulu la maiko osauka la G77 linabadwa mu 1964: osauka akamalankhula payekhapayekha samveka.

Lero kugwirizanaku kwatenga njira zingapo. Ya msonkho ndi imene ndimaiona yosakambidwa mokwanira. Komiti ya Thabo Mbeki inapeza mu 2015 kuti Africa amataya madola oposa 50 biliyoni pachaka kudzera m'njira zachinyengo, makamaka makampani onamiza mitengo ya katundu kuti phindu lionekere kumene msonkho ndi wochepa. Mu Novembala 2023 maiko a mu Africa anapambana voti ku United Nations, 125 kwa 48, yoti malamulo a msonkho wa padziko lonse azikambidwa kumeneko osati m'gulu la olemera la OECD lokha. Ina ndi ya BRICS, gulu la Brazil, Russia, India, China, South Africa ndi ena, ndi banki yake ya ku Shanghai ndi nkhani zogulitsana m'ndalama zawo. Ena amaona khomo latsopano, ena amati n'kusintha wakatapila chabe.

Yapafupi ndi ife ndi msika umodzi wa Africa, AfCFTA, umene unasainidwa ku Kigali mu 2018 n'kuyamba mu Januwale 2021. Malonda a maiko a mu Africa okhaokha ali cha pa 15 peresenti ya malonda awo onse. Pa pepala msonkho wa pamalire ukuchotsedwa. Amayi amene amanyamula zitenje, mpunga wa Kilombero ndi usipa kudzera pa Mwanza, Tete ndi Nyamapanda angakuuzeni kuti chimawadya kwambiri ndi maola a pamalire, mapepala, ndi kusintha ndalama katatu pa ulendo umodzi.

Zimene zikadali m'malere

Palibe akudziwa ngati padzakhale khoti la ngongole za maiko. Maiko a mu Africa amalifuna pansi pa United Nations, olemera amati njira zilipozi zingokonzedwa, ndipo msonkhano wa ku Seville mu 2025, umene America inatulukamo, sunadule mutu wa nkhaniyi. Sizikudziwikanso kuti magawo a mavoti ku IMF angasinthe bwanji, poti wopindula woyamba angakhale China, ndipo Africa mwina osapeza kanthu. Funso lina ndi la ife eni: ngongole itakhululukidwanso mawa ngati mu 2005, n'chiyani chingaletse maboma kubwereka mwakabisira, nyumba ya malamulo osaona mapangano ake? Ndipo thandizo likamachepa chonchi, dzenjelo litsekedwa ndi msonkho wa ndani, wa kampani ya mgodi kapena wa mayi wogulitsa tomato amene amadulidwa kale akamatumiza ndalama pa foni?

Kuno kwathu kulinso lina, loti boma likufuna kuti m'tsogolo muno ZiG idzatsale yokha pamsika. Ku bungwe la maliro tinavota kuti pakadali pano tizisonkha madola awiri pamwezi, wobweretsa ZiG aziwerengeredwa pa mtengo wa tsikulo. Mtengo wake uti, wa kubanki kapena wa pamsewu, a tcheya anati tidzakambirana mwezi wamawa.